Mukakhala gadiyani wa m'bale amene akumwa mankhwala a uchidakwa kapena a maganizo

Mlongo wanga wamng'ono anamwa kachasu komaliza Loweruka usiku. Lamlungu anakapemphereredwa kutchalitchi, ndipo ine ndemwe ndinakhuthulira mabotolo ake onse m'ngalande kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25, geti n'kukhoma kuti asatuluke. Ndinagona mtima uli mbee. Lolemba anangokhala pakhonde, thukuta lili kamukamu, nsima osaikhudza. Lachiwiri m'mawa nditamupatsa tiyi, kapu inkagogoda pamano, theka la tiyiyo n'kuthera pamalaya. Usiku wake ndinadzidzimuka ndi kukuwa. Ndinamupeza ataima pabedi, akudzisasa miyendo: "Achemwali, linthumbu! Chotseni, likundikwera!" Pansi panalibe ngakhale nyerere imodzi.

Kuchipatala namwino anangondifunsa funso limodzi: "Amayi, anamwa komaliza liti?" Nditayankha anawerenga masiku pazala, nati mwachita bwino kubwera usiku uno, mukanadikira mawa mwina tikanakamba zina.

Padutsa zaka 3 tsopano. Ndimaphunzitsa Biology kusekondale, choncho kuchokera usiku umenewo ndakhala ndikuwerenga zimene ofufuza apeza pa mankhwala amene achimwene akhala akupatsidwa, n'kumafunsa madokotala pamene sindikumvetsa. Ndaona kuti ambiri mwa ife magadiyani timalandira kapepala ka mapiritsi pawindo, osadziwa kuti ayamba kugwira ntchito liti, athandiza mpaka pati, ndi zoopsa ziti zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Kusadziwa kumeneku n'kumene kumatisiyitsa mankhwala abwino pa sabata yachiwiri, n'kukataya ndalama kwa wogulitsa botolo la pa WhatsApp.

Musamusiyitse mowa mwadzidzidzi kunyumba

Ndiyambe ndi cholakwa changa, chifukwa n'chimene chingaphe munthu msanga. Mowa umagonetsa ubongo. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo umazolowera kudzikankha mwamphamvu kuti ugwirebe ntchito mowawo uli m'magazi. Mukauchotsa kamodzin'kamodzi, ubongo umatsala ukuthamanga ngati njinga ya kabaza yoduka mabuleki pamtsetse. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba m'maola ochepa. Ena amagwa ngati a khunyu m'masiku 2 oyambirira. Choopsa kwambiri, chija chosokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe, chimakonda kubwera pakadutsa maola 48 mpaka 72.

Ngati m'bale wanu amadzuka manja akunjenjemera mpaka atamwako kaye, kapena anagwapo atasiya mowa, pitani naye kuchipatala asanasiye. Kumeneko amapereka diazepam kwa masiku ochepa, akumachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 amene amamutcha thiamine. Vitaminiyu musamuderere. Anthu omwa kwambiri amakhala kuti wawathera m'thupi, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo moti munthu amatha kuiwala zimene wadya m'mawa kwa moyo wake wonse. Koma diazepam si wokhala naye. Ndi wa masiku owerengeka, nayenso amazolowereka, ndipo ukamuphatikiza ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Wa pamsika musagule.

Mankhwala othandiza kuti asabwerere kumowa

Kutuluka m'chipatala thupi litayera ndi chiyambi chabe. Chilakolako chimabwera madzulo, nthawi imene anzake akudutsa pamsewu akumuimbira likhweru. Ofufuza akhala akulimbana ndi chilakolako chimenechi kwa zaka zambiri, ndipo pali mankhwala atatu amene muyenera kudziwa mayina ake kuti mukathe kufunsa.

Akale kwambiri ndi disulfiram, amene ena amawadziwa kuti Antabuse. Mphamvu yake pa mowa anaitulukira ofufuza a ku Denmark m'zaka za m'ma 1940. Sachotsa chilakolako. Amatseka njira imene chiwindi chimagayira mowa, ndiye munthu akamwako ngakhale pang'ono nkhope imatentha, mtima umagunda kwambiri, amasanza. Amathandiza yekhayo amene wavomera yekha ndipo pali wina womuyang'anira akamameza. Ndamvapo amayi ena akulangizana kuti umusinjire m'ndiwo mobisa. Chonde musayese. Munthu wosadziwa akapita kukamwa botolo lathunthu, magazi amatha kutsika mpaka kukomoka, ndipo wa vuto la mtima akhoza kufa.

Enawo ndi naltrexone ndi acamprosate. Naltrexone amachepetsa kukoma kumene ubongo umamva munthu akamwa, moti botolo loyamba silikoka lachiwiri mwamphamvu ngati kale. Ku America anavomerezedwa pa uchidakwa mu 1994. Acamprosate amakhazika pansi ubongo umene ukadali wosakhazikika utasiya mowa, ndipo amamwedwa katatu patsiku. Mu 2023 bungwe la WHO linaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Dokotala asanapereke naltrexone amayeza chiwindi, ndipo saperekedwa kwa munthu amene akumwa mankhwala a ululu monga tramadol, codeine kapena morphine. Acamprosate amafuna impso zabwino. Funsani ngati alipo, ndipo ngati palibe, funsani ngati dokotala angakulembereni kuti mukafufuze kufamase.

Nanga amathandiza motani? Mu 2014 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza zotsatira zimene anasonkhanitsa kuchokera ku kafukufuku wosiyanasiyana woposa 120, wokhudza anthu oposa 22,000. Anapeza kuti pa anthu 12 alionse opatsidwa acamprosate, munthu mmodzi amene akanabwerera kumowa sabwerera chifukwa cha mankhwalawo. Kwa naltrexone chiwerengero chinali 12 chomwecho pa nkhani yobwerera ku kumwa mwauchidakwa. Nditamuwerengera achimwene anati, "Ndiye 11 enawo akungomeza pachabe?" Ndinamuyankha kuti mwa 11 amenewo alipo amene akanalimba ngakhale popanda piritsi, alipo amene achepetsako kumwa, alipo amene sizinawayendere. Palibe amene angadziwiretu kuti iwe uli gulu liti, n'chifukwa chake amayesa kwa miyezi ingapo n'kuona. Chiwerengerochi chinandichotsera zinthu ziwiri: chiyembekezo chakuti piritsi lithetsa zonse, ndi mkwiyo umene ndikanakhala nawo tsiku limene anadzaterereka. Dziwaninso kuti pafupifupi onse amene anali m'kafukufukuyu ankalandiranso uphungu. Sanangopatsidwa mapiritsi n'kuuzidwa kuti pitani bwino.

Kukhumudwa kumene kunabisala kuseri kwa botolo

Atasiya mowa, achimwene anakhala chete moopsa. Ndinapempha dokotala kuti amupatse mankhwala a maganizo tsiku lomwelo, koma anati tidikire kaye masabata angapo, chifukwa kukhumudwa kobwera ndi mowa nthawi zambiri kumatha kokha munthu akakhala osamwa. Kwa iye sikunathe. Patapita mwezi anamufunsa mafunso 9 a pa pepala lotchedwa PHQ-9: tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa, kudziona wopanda pake, maganizo ofuna kufa. Mafunsowa anawamasulira m'Chichewa ndipo anayesedwa kuno kwathu pakati pa odwala shuga. Pemphani kuti chiwerengero chimene chatuluka achilembe m'kabuku ka kuchipatala, kuti ulendo wotsatira mudzayerekeze. Maso a gadiyani amatopa, saona kusintha kwapang'ono, koma nambala yochoka pa 18 kufika pa 11 imaoneka.

M'zipatala zathu mankhwala a kukhumudwa amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa ndi kudzimbiditsa. Fluoxetine ndi wa m'mawa, ndipo masiku oyamba amatha kubweretsa nseru, mutu ndi kusakhazikika.

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Zovutazo zimabwera sabata yoyamba, pamene ubwino umayamba kuoneka pakatha masabata 2 mpaka 4, nthawi zina 6. Ndiye wodwala amati mankhwalawa akungondidwalitsa, ndipo gadiyani, poona chisoni, amavomera. Ine ndinapachika kalendala kukhitchini, tsiku lililonse akameza n'kumachonga, ndipo ndinazunguliza tsiku lokwana masabata 6 ndi cholembera chofiira. Tinagwirizana kuti tisaweruze mankhwalawo tisanafike pofiirapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa sabata yachinayi ndinamupeza m'mawa akukonza wailesi ya aneba pakhonde, tizitsulo atatindandalika panyuzipepala, akuimba chapansipansi. Iye mwini sanaone kuti chasintha chilichonse.

Anthu ena amati mankhwalawa ndi bodza la makampani. Funsoli ofufuza analiyesa m'njira yoyenera. Amagawa odwala m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina limalandira mankhwala enieni, lina mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhale dokotala womuyeza sadziwa kuti ndani walandira chiyani. Mu 2018 magazini ya The Lancet inaphatikiza kafukufuku wokwana 522, wa anthu oposa 116,000, pa mitundu 21 ya mankhwala a kukhumudwa. Mitundu yonse 21 inaposa mapiritsi opanda kanthu aja, ngakhale kuti kusiyanako sikunali kwakukulu kwambiri, ndipo amitriptyline wathu wotchipayu anali m'gulu la amphamvu zedi. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D anapeza kuti amene anachiriratu ndi mankhwala oyamba anali pafupifupi munthu mmodzi pa atatu. Choncho oyamba akakanika, bwererani mukanene. Dokotala akhoza kuonjezera mlingo kapena kusintha mtundu. Akachira, apitirize kwa miyezi yosachepera 6, ndipo posiya asiye pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala.

Pali zinthu zitatu zimene ndimauza gadiyani aliyense amene ndakhala naye pabenchi. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, ndiye ngati wodwala ananenapo zodzipha, mapiritsi asungeni inu, muzimupatsa a tsiku limenelo basi, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumba. Wachinyamata wosakwana zaka 25 muyang'anitsitseni masabata oyambirira, chifukwa kwa ena maganizo odzipha amakula kaye. Ndipo ngati m'bale wanu anakhalapo masiku angapo osagona koma osatopa, akulankhula mosalekeza, akumwaza ndalama, nenani musanalandire mankhwala. Amenewo akhoza kukhala matenda ena, osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala kopyola muyeso, ndipo mankhwala a kukhumudwa paokha amatha kuwautsa.

Chinanso chimene amuna sanena: fluoxetine amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja. Ambiri amangosiya mwakachetechete. Ine monga mlongo wake sindikanatha kukamba naye zimenezi, ndiye ndinkatuluka m'chipinda cha dokotala mphindi zomaliza kuti atsale awiri.

Akamamva mawu ndi kuona zimene ena sakuona

Mnyamata wa mayi wina wa mumpingo mwathu anayamba kulankhula yekha, akuti wailesi ikumunena. Mayi ake anayenda kwa asing'anga miyezi yambiri asanafike kuchipatala. Mankhwala a matenda amenewa ndi akale ndipo ndi oyesedwa bwino. Chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958, ndipo pali jakisoni wa fluphenazine wobaya kamodzi pa masabata angapo kwa amene amaiwala mapiritsi. Mu 2012 The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku 65 wa odwala amene anali atapezako bwino. Pakutha pa chaka, mwa amene anapitiriza mankhwala anadwalanso 27 pa 100 alionse. Mwa amene anasinthidwira ku mapiritsi opanda kanthu anadwalanso 64 pa 100. Nambala ziwirizi ndinazilemba pakapepala n'kuwapatsa mayiwo tsiku limene achibale ankawakakamiza kuti mwana wachira, asiye.

Chimene chimaopsa makolo ndi ichi: patangopita masiku ochepa chiyambireni haloperidol, khosi limatha kupindika, lilime kutuluka, maso kutembenukira kumwamba. Pamudzi amati aja amulodza abweranso. Ndi mankhwalawo, ndipo kuchipatala ali ndi ena othetsa zimenezi msanga, monga benzhexol amene ambiri amati Artane. Thamangani naye tsiku lomwelo. Thupi likauma gwa, likutentha kwambiri, munthu atasokonezeka, imeneyo ndi ngozi yosadikira kucha. Wa chlorpromazine avale chipewa, dzuwa la mu Okutobala limamuwotcha khungu msanga.

Za chamba ndinene mwachidule: mpaka pano palibe piritsi limene lavomerezedwa kuti limasiyitsa chamba. Chimene chaonetsa kuthandiza ndi uphungu. Wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala osiyitsa chamba m'masiku 7, sungani ndalama zanu. Kwa ozolowera heroin nkhani ndi ina, chifukwa methadone anayesedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ku New York ndipo amapulumutsa miyoyo. Anzathu a ku Tanzania anatsegula kiliniki yake pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011.

Nenani zonse zimene akumwa

Safunsa anadya phula, komanso wosanena amadyetsa mnzake phula. Tengani mapaketi onse m'jumbo mukawaike patebulo la dokotala: ma ARV, a TB, a BP, a zitsamba, ngakhale njira yolera. Carbamazepine, amene amaperekedwa pa khunyu ndi pa matenda osinthasintha aja, amafooketsa dolutegravir wa m'ma ARV ambiri a masiku ano, amafooketsanso mapiritsi olera ndi kachipangizo ka pamkono. Sodium valproate, amenenso amaperekedwa pa matenda omwewa, amatha kulemaza mwana ali m'mimba, choncho mtsikana kapena mayi amene angatenge pakati akambirane ndi dokotala asanayambe. Manyazi a mphindi imodzi pamenepa amapewetsa mavuto a zaka.

Mawu akuti "kafukufuku waonetsa"

Mukangoyamba kudwazika, foni imadzaza. Azakhali atumiza kanema wa pa Facebook, mnzanu wa kuntchito atumiza nambala ya munthu wogulitsa madontho ochokera kunja, onse akuti kafukufuku waonetsa. Ana anga a Fomu 4 ndimawaphunzitsa kufunsa kuti anayerekeza ndi gulu liti, ndipo funso lomwelo ndi limene ndimafunsa pano. Ngati panalibe gulu lolandira mapiritsi opanda kanthu, sitingadziwe ngati anthuwo anachira ndi mankhwala kapena ndi nthawi. Kenako funsani kuti anali anthu angati, anawatsatira kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani wopanda phindu pa malondawo amene anaunika zotsatira.

Ngakhale nkhani zochokera kwa ofufuza enieni zimafuna kudekha. Mwina munamva kuti jakisoni wa shuga ndi wochepetsa thupi, semaglutide, akuchepetsa chilakolako cha mowa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2025 analidi wa magulu awiri, ndipo zotsatira zake n'zopatsa chidwi, koma munali anthu 48 okha kwa masabata 9. Ikani 48 pambali pa 22,000 aja muone kusiyana kwake. MDMA, mankhwala ozunguza bongo amene ena amati ecstasy, inatchuka kwambiri kuti ichiza anthu ovutika ndi zoopsa zimene anakumana nazo, koma mu 2024 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linakana kuivomereza, linati pakufunika kafukufuku wina. Mwa zina, odwala ankadziwa mosavuta ngati alandira mankhwala enieni, zimene zimasokoneza kuyerekeza kuja. Esketamine wopopera m'mphuno anavomerezedwa kumeneko mu 2019 kwa odwala kukhumudwa amene mankhwala ena akanika, koma amaperekedwa m'chipatala mokha, wodwala n'kuyang'aniridwa maola 2. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu angakugulitseni moyenera m'kabotolo pa depoti. Kuno kwathu mankhwala ogulitsidwa ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo muli ndi ufulu wofunsa wa famase ngati alidi olembetsedwa.

Kafukufuku amachitikanso mu Lilongwe muno. A UNC Project, amene ali ku Tidziwe Centre pa Kamuzu Central Hospital, agwirapo ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo yoyeza ndi kuchiza kukhumudwa m'makiliniki a ma ARV. Ngati m'bale wanu wapemphedwa kulowa m'kafukufuku aliyense, musaope, koma funsani ngati wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, ya NHSRC kapena ya COMREC. Pepala lachilolezo likhale m'Chichewa, mupite nalo kunyumba mukawerenge modekha. Funsani ngati pali gulu lolandira mapiritsi opanda kanthu, ndiponso chidzachitike n'chiyani kafukufuku akadzatha. Simulipira kanthu kuti mulowe, ndipo kukana kapena kutuluka pakati sikumuchotsera wodwala chithandizo chake cha masiku onse.

Ndisaiwale benchi. Ku Harare dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi. Njirayi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa ndi magulu awiri, zotsatira n'kutuluka mu JAMA mu 2016, ndipo inafika m'makiliniki ena kuno. Kwa kukhumudwa kosafika poipa kwambiri, uphungu ndi umene umayenera kuyamba. Achimwene amati mapiritsi anamudzutsa pabedi, koma amene anamuphunzitsa choyankha anzake a kumowa akamuitana ndi mlangizi.

Koyambira

Yambani pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, mufunse tsiku la kiliniki ya maganizo kapena namwino wake. Akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani. A St John of God ku Area 43 amathandiza matenda a maganizo ndi a kuzolowera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi Zomba Mental Hospital. Kabuku ka kuchipatala kasungeni m'pulasitiki, ndipo dzina la mankhwala ndi mlingo wake muzijambule pafoni. Kukatenga ena muzipita kutatsala sabata yathunthu. Ife tinapitapo tsiku lomaliza, pawindo n'kutiuza kuti atha, ndipo ndinazungulira mafamase a ku Old Town mpaka madzulo ndi kabuku m'manja.

Chaka chatha, pamaliro a amalume kumudzi, achimwene anamwa masiku awiri. Anabwera yekha kudzandiuza, maso ali pansi. Sindinakhome geti, sindinakhuthule kanthu. Ndinamufunsa kuti wamwa wochuluka bwanji ndipo komaliza liti, ndinayang'ana manja ake, m'mawa mwake tinakwera minibasi. Dokotala analemba tsikulo m'kabuku, natipatsa masabata 2 m'malo mwa mwezi. Pano tabwerera ku mwezi ndi mwezi. Tsiku lathu lotsatira ndi Lachinayi likudzali, ndipo kuseri kwa kabuku ndalemba kale mafunso awiri: ngati nthawi yoyezanso chiwindi yakwana, ndi ngati kulota kwambiri kumene wayamba masiku ano kukuchokera ku fluoxetine.